Kuseri kwa Satifiketi Yanga

Zikomo a Pulofesa pondipatsa mpata. Anzanga atatu amene ayamba aja alankhula Chingerezi chosalala, ndi zithunzi zawo pakhoma, ndipo ndawaombera m'manja. Ine ndilankhula Chichewa. Msonkhano uno ndi wa Amalawi ophunzira ndi ophunzitsa kuno, ndiye palibe amene asochere. Alendo athu awiri akhala kumbuyoko apeze wowanong'oneza. Chingerezi ndimachidziwa, ndinalemberamo madigiri atatu. Koma ndinanamiramonso chaka ndi theka, ndipo m'chipinda muno muli mayi wina amene anandiletsa kufotokoza nkhani iyi m'Chingerezi. Muwadziwa posachedwa.

Papulogalamu alemba kuti Dokotala Mphatso Nankhoma, mphunzitsi wa payunivesite. Sanalakwitse kwenikweni. Koma poti takumana kuti tikambe za aphunzitsi olipidwa pa ola ndi ngongole za sukulu, tiyeni ntchitoyi tiitchule dzina lake. Kwathu ku Dedza munthu wogwira ntchito yotere timati waganyu. Ine ndine waganyu wa payunivesite. Ndiponso ndinaba ndalama za maliro. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo lero sindilola kuti chimodzi chibise chinzake.

Ndinafika mu Glasgow muno ndi thandizo la zaka zitatu. Kafukufuku wanga anatenga zinayi. Amene ankandilipirira ankatumiza makwacha, ndipo kwacha itagwa ndalama zawo zinayamba kuperewera. Pomaliza kulemba, yunivesite inkandifuna mapaundi zikwi zinayi. Dzina la yunivesiteyo sinditchula. Mukaona yanu, mwaona yomweyo. Kalata yawo inali yaulemu kwambiri: popanda kulipira palibe satifiketi. Ndipo nonse mukudziwa kuti popanda iwo kutsimikiza kuti wamaliza, viza yotsalira kuno siituluka. Ndinali ndi masabata asanu ndi awiri.

Mufunsa kuti nanga sunkagwira ntchito? Ndinkagwira, pa yunivesite yomweyo. Makalasi anayi pa sabata, kulipidwa ola limene waima kutsogolo ndi kachidutswa ka kukonzekera. Kuchonga amawerengera mphindi makumi awiri pa pepala limodzi, pamene wophunzira walemba masamba khumi ndi awiri ndipo akufuna ndemanga yomuthandiza. Semesita imayamba Seputembala, malipiro oyamba amatha kufika Novembala. Meyi akatha amakuthokoza pa imelo, n'kukuiwala mpaka masamba atayamba kuyoyoka. Waganyu wa kumudzi amayamba wagwirizana ndime ndi mtengo asanagwetse khasu pansi. Ife a madigiri timayamba kulima kontilakiti isanabwere, ndipo timathokozanso kuti atikumbukira.

Lamulungu masana ndinkapemphera ndi Amalawi anzanga mu holo ina ku Govanhill. Kumeneko tili ndi thumba la maliro. Aliyense amasonkha mwezi ndi mwezi kuti wina akatisiya, thupi lake likwere ndege likagone kwawo. Amene ankasonkha mosaphonya kuposa tonse anali Bambo Wyson Chimbalanga, a ku Ntcheu, oyendetsa basi, okhala ku Springburn. Ankapereka akuseka.

"Ine mukadzandikwirira kuno ndidzakusowetsani tulo nonse," ankatero. "Manda a kuno ndi matope okhaokha. Mukandigoneke pafupi ndi amayi anga, kumene dzuwa limawomba."

Bambo amenewa ndi amene anayamba kunditchula Dokotala ndisanalembe ndi chaputala chimodzi chomwe. Ndikawakaniza ankati, "Tikuyeserera, mwana wanga, kuti lilime lizolowere." Msungichuma wakale atasamukira ku England, iwo ndi amene anaimirira.

"Tiike Dokotala. Munthu wophunzira chonchi sangatibere."

Anthu anaomba m'manja. Lamulo linali loti ndalama zizituluka anthu awiri atavomereza, ine ndi a tcheya a gulu. Koma a tcheya amagwira ntchito maola osatha, ndiye anangondipatsa nambala yawo yachinsinsi. Anati, "Dokotala, zinthu za pafonizi muzingopanga inu."

Sindinaledzere. Sikunali mdima. Linali Lachiwiri m'mawa, ndili m'sitima kuchokera ku Shawlands kupita m'tauni kukaphunzitsa, chikwama cha mapepala chili pakati pa miyendo. Ndinatsegula foni, ndinalemba nambala yanga, ndinalemba ya a tcheya, ndipo sitima isanafike pa siteshoni yachiwiri yunivesite inali italandira zake. Ndinadziuza kuti ndabwereka. Ndinati semesita ikubwerayi andipatsa makalasi ambiri, ndibweza munthu asanadziwe. Ndinapempheranso kuti pasafe munthu. Tangoganizani msungichuma wa maliro akupempherera zimenezo, osati chifukwa chokonda anthu ake.

Tsiku lovala gauni, Bambo Chimbalanga anapempha tchuthi kuntchito. Anabwera ndi suti ndi maluwa, ndipo akazi awo analulutira pabwalo mpaka azungu kucheuka. Anandigwira dzanja nati, "Lero lilime lanena zoona." Ine ndinamwetulira pa chithunzi. Sankadziwa kuti chipewa chimene akuchijambulacho agula ndi iwo.

Makalasi ambiri aja sanabwere. Anabwera atatu. Kenako chilimwe, miyezi inayi yopanda malipiro, lendi ikudikira, ndipo amayi anga ku Dedza akuuza mudzi wonse kuti mwana wawo ndi lekichala ku Ulaya. Lekichala satumiza uthenga woti mwezi uno ndilibe. Ndinabwereranso m'thumba muja, pang'ono, kenako pang'ono penanso, mpaka zonse zinakwana zikwi zisanu ndi mazana awiri. Mwezi uliwonse ndinkawerenga lipoti langa m'Chingerezi, ndi mizere yake yooneka bwino, n'kumaliza kuti thumba lili bwino. Palibe ndi mmodzi yemwe anati tione pepala la kubanki. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anthu osamba m'manja ndi mankhwala tsiku lonse m'nyumba zosungira okalamba ankachita manyazi kufunsa Dokotala.

Mwezi wa Januwale Bambo Chimbalanga anagwa m'khitchini mwawo akumanga nsapato kuti azipita kuntchito. Mtima. Sanafike ndi kuchipatala komwe.

Ndinapita kusiwa ku Springburn nditamanga chitenje. Azimayi anali atakhala pansi m'chipinda chochezera, monga mwa mwambo, ndipo ine ananditulutsira mpando. Ndinakhalapo. A tcheya anandiitanira pakhomo nati, "Dokotala, mawa mutumize ndalama kwa okonza maliro, asungitse malo m'ndege." Ndinati chabwino. M'thumba munali ndalama zosakwana ndi bokosi lomwe.

Apa ndi pamene Chingerezi chinandigwirira ntchito. Ndinayamba kulankhula ngati wa kubanki. Akaunti ikufufuzidwa. Pakufunika masiku asanu ogwira ntchito. Atumiza kalata ina. Ndinayesa kukongola kulikonse, koma munthu wopanda kontilakiti yokhazikika banki imamuona ngati mphepo. Ku Ntcheu anthu anali atasonkhana kale, akudya chimanga cha banja lofedwa, akufunsa tsiku la ndege. Ine ndinapitiriza kuphunzitsa ndi kuchonga. Masiku khumi ndi limodzi.

Tsiku lakhumi ndi chiwiri, cha m'ma leveni m'mawa, ndinali pamalo panga pa masiku onse. Ofesi ndinalibe. Panali benchi m'khonde la nsanjika yachitatu, pafupi ndi chotenthetsera, ndipo pamenepo ndi pamene ndinkachongera mapepala pakati pa makalasi. Ndinaona nsapato zakuda zitaima patsogolo panga. Nditakweza mutu, anali Mayi Chimbalanga.

Inu mukudziwa kuti mkazi wofedwa satuluka m'nyumba mwamuna wake asanaikidwe. Mayi awa anatuluka. Anakwera basi okha, mpango wakuda kumutu, jekete la amuna awo pamwamba pa chitenje. Anafunsa pa malo olandirira alendo kuti ofesi ya Dokotala Nankhoma ili kuti, ndipo wolandira alendo anafufuza pakompyuta osapeza chitseko cha dzina langa. Mayi wina wokolopa ndi amene anawalozera kumtunda.

Ndinaimirira, mapepala n'kugwa pansi.

"Khalani," anatero. Anakhala pambali panga, nayang'ana khonde lonse, uku ndi uku. "Ofesi yanu ndi iti?"

"Ndi pano, mayi."

"Pabenchi?"

"Eya."

Ophunzira ankadutsa ndi makapu awo a khofi. Kenako anati, "Ndalama za a Chimbalanga zili kuti?"

Pakamwa panga panatuluka chiganizo cha kubanki chija, m'Chingerezi. Sindinachimalize. Anakweza dzanja.

"Ayi. Ine ndafunsa m'Chichewa."

M'Chichewa mulibe pobisala pa nkhani yotere, abale anga. Ndinafufuza mawu ofewa, osawapeza. Ndinati, "Ndinatenga. Ndinalipira sukulu. Zina ndinalipira lendi. Palibe chatsala."

Sanalire. Ndikanakonda akanalira, kapena kundimenya. Anangoyang'ana kutsogolo n'kunena pang'onopang'ono kuti, "Ndiye amuna anga agone m'firiji kuti inu muvale chipewa."

 

Anawerama, natola pepala limodzi mwa aja anagwa pansi, naliyang'ana mbali zonse ndi inki yanga yofiira. "Akamakupatsani zimenezi, limodzi amalipira zingati?"

Ndinawauza. Anafunsa kuti limanditengera nthawi yaitali bwanji. Ndinawauzanso. Mayi awa amasambitsa okalamba ku nyumba ina yosungira anthu, ndipo masamu a maola amawadziwa kuposa ine. Anawerengera pa zala, n'kundiyang'ana kumaso koyamba.

"Ine wochapa matewera a agogo achizungu ndimakuposani pa ola. Ndipo inu mumakhala pampando ife tili pansi." Anapukusa mutu. "Bwanji simunanene? Tikanasonkha. A Chimbalanga akanayamba ndi iwo, mumawadziwa."

Ichi ndi chimene chinandithyola. Ndinalira pabenchi pomwepo ngati mwana, ophunzira anga akuona. Chifukwa zinali zoona. Bambo aja akanayenda ndi chipewa chawo m'holo monse kutolera ndalama za Dokotala wawo. Ndinasankha kuwabera kusiyana ndi kuwauza kuti ndine wosauka. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma ine manyazi anga anazunza munthu wina.

Anandisiya ndilire. Kenako anati, "Kupolisi sindipita. Mukamangidwa amuna anga sakwera ndege. Lamulungu mukaimirira pamaso pa anthu, mukanena nokha zimene mwandiuzazi, m'Chichewa. Ndipo mukabwere ndi pepala munagula lija."

Lamulungu ndinaimirira. Ndinanena zonse, kuyambira m'sitima muja. Bambo wina anatuluka n'kumenyetsa chitseko. Mayi wina amene ndinkadya kwake Khirisimasi iliyonse mpaka lero tikakumana pa Victoria Road amawoloka msewu, ndipo ali ndi ufulu. A tcheya nawo anaimirira n'kuvomera kuti anapereka nambala yawo. Anthu anasonkhanso kachiwiri, ena akutukwana, ena akukongola. Bambo Chimbalanga anadikira masiku makumi atatu ndi anayi asanakagone pafupi ndi amayi awo.

Pamaso pa onse, Mayi Chimbalanga anatenga satifiketi yanga, anaichotsa m'felemu, n'kunena kuti, "Ichi ndi chikole. Chikhala kwa ine mpaka ndalama yomaliza ibwerere m'thumba." Wina anati tipeze kope lolembamo zobweza. Iwo anakana. "Makope amatayika. Ili sangalitaye." Anaitembenuza, n'kulemba kuseri kwake dzina la amuna awo ndi ndalama zonse.

Tsopano ndikuuzeni mmene ndinatulukira, chifukwa ndikuona nkhope zina muno zimene zikudziwa benchi yangayo.

Choyamba ndinaimbira amayi anga. Ndinawauza kuti sindine lekichala, ndine waganyu, ndipo kwa zaka ziwiri ndizitumiza zochepa. Anati, "Nanga ganyu ndi tchimo? Abambo ako anakuphunzitsa ndi ganyu." Chaka ndi theka ndinkaopa mayi amene anandilera ndi khasu.

Kenako ndinapita kwa alangizi a za ngongole, aja osalipiritsa. Ndinayala makalata onse patebulo, ndi aja ndinkaopa kutsegula omwe. Kumeneko ndi kumene ndinamva kuti ndikanatha kukapempha yunivesite kuti tikambirane zolipira pang'onopang'ono, ndiponso kuti panali thumba lothandiza ophunzira ovutika. Kaya akanandivomera kaya ayi, sindikudziwa. Sindinagogode n'komwe. Kalata yawo sinatchule zimenezo, ndipo ine sindinafunse, chifukwa Dokotala sapempha.

Ntchito ina anandipezera ndi Mayi Chimbalanga omwewo, kumene amagwira iwo. Masiku atatu pa sabata ndimavala yunifolomu, ndimasambitsa, ndimadyetsa, ndimasintha zofunda. Iwo ndi amene anandiphunzitsa kutembenuza munthu pabedi osamupweteka msana. Kumeneko sanditchula Dokotala, amati Mphatso fulumira. Ndalama za kumeneko ndi zimene zinabweza ngongole, mapaundi mazana awiri mwezi uliwonse. Za kuyunivesite sizikanatha.

Ndipo ndinayamba kuwerenga maola anga. Ndili ndi kabuku. Ndikayamba kuchonga ndimalemba nthawi, ndikamaliza ndimalemba. Ndinalowa yuniyoni, bungwe lomenyera ufulu wa antchito, ine amene ndinkati zimenezo ndi za azungu osaopa viza. Semesita yatha ananditumizira imelo kuti ndiyambe Lolemba, kontilakiti ibwera. Ndinayankha kuti khasu langa ligwa pansi kontilakiti ikafika. Inafika Lachisanu lomwelo. Zaka zonsezi inkatha kufika, kungoti palibe ankaikakamiza.

Ku Govanhill nako zinthu zinasintha. Pepala la kubanki limayenda m'manja mwa aliyense mwezi ndi mwezi, ndipo msungichuma watsopano ndi mayi amene anasiyira sukulu Fomu Thu. Ndalama sizinasowepo ndi imodzi yomwe.

A Pulofesa, ndaona kapepala kanu koti nthawi yatha. Kasungeni kaye. Ndakhala ndikugwira maola osalipidwa zaka zisanu ndi chimodzi, mphindi zitatu izi mundikongoze.

Ndinaba ine. Yunivesite sinagwire chala changa m'sitima muja. Aliyense wofuna kunditchula wakuba anditchule, Mayi Chimbalanga ananditchula kale ndipo ndinavomera. Koma ndikukana kutuluka muno ngati nkhani ya mkazi mmodzi wamakhalidwe oipa, kuti nonse mupite kukamwa tiyi mitima ili m'malo. Nyumba imene inkandifuna zikwi zinayi ndi yomweyo imene inkandilipira mphindi makumi awiri pa ntchito ya ola. Dzanja limodzi linkandimana, linalo likundilanda. Ana a eni ake ndinkawaphunzitsa bwino, ankandilembera makadi othokoza, koma chitseko cholembedwa dzina langa panalibe. Zimenezi sindizikhululukira, ndipo sindisiya kuzinena.

Inunso akuluakulu amene muli ndi maofesi, ndikulankhula nanu. Mumatiuza kuti pirirani, ifenso tinadutsamo. Mukatiitana kudzalankhula mumati kulibe malipiro koma dzina lanu lidziwika. Dzina langa linadziwika kale ku Govanhill konse, ndipo silinagule ndi buledi yemwe. Mukakhala m'makomiti anu, funsani kuti amene akuchonga mapepala anu amakhala pati, ndipo Julaye amadya chiyani.

Ndipo ife tonse, Amalawi, tisiye kupembedza maudindo. Timamutulutsira munthu mpando kusiwa, osamufunsa ngati wadya. Timamupatsa thumba, osamupempha pepala. Tikumunamiza, nayenso akutinamiza.

Iwe amene wakhala muno ndi kalata ya yunivesite m'chikwama, ndipo kwanu akuti ndiwe bwana, ndikudziwa kuti usiku ndi usana ukuwerengera ndalama za wina. Mwina ndi za chipereganyu, mwina za mpingo, mwina za mlongo wako zogulira malata. Ukuti ubwereka chabe. Nanenso ndinatero. Usanachoke m'nyumba ino uuze munthu mmodzi, m'chilankhulo chimene sungabisalemo. Ukasowa womuuza, ine ndikhala pakhomo apo.

Mwezi watha ndinapereka mazana awiri omaliza. Miyezi makumi awiri ndi isanu ndi umodzi. Mayi Chimbalanga anakwera pampando, natsitsa envulopu pamwamba pa kabati pamene pali chithunzi cha amuna awo. Anasaina mzere womaliza, nandipatsa.

"Ndalama mwabweza," anatero. "Masiku aja ndiye simungabweze."

Ndinati ndikudziwa, mayi. Ndinawafunsa ngati andilola kudzanena nkhaniyi pano. Anati, "Ndipita nawo, ndikamve ngati simudumpha pena." Ndi awo akhala mzere wachitatu, ovala mpango wobiriwira. Asinthana ndi mnzawo kuntchito kuti abwere. Musawaombere m'manja, sakonda.

Satifiketi ija ndi iyi. Mbali iyi ili ndi chidindo ndi masiginecha awiri a akuluakulu amene sanandidziwepo nkhope. Tsopano onani kuseri. Pamwamba alemba Wyson Chimbalanga. M'munsimu muli mizere makumi awiri ndi isanu ndi umodzi, uliwonse ndi dzanja la mkazi wawo.

Lachinayi likubwerali ndili ndi intaviyu ya ntchito yokhazikika, yoyamba chimalizireni sukulu. Alemba kuti ndibwere ndi satifiketi yeniyeni, osati fotokope. Mnzanga wina anandilangiza kuti ndipemphe ina yatsopano, ndinene kuti iyi inawonongeka. Ndakana. Ndipita ndi yomweyi, ndipo akaitembenuza n'kufunsa kuti Wyson Chimbalanga ndi ndani, ndidzawauza kuti ndi amene analipira.